Eni nyumba a mu Mzuzu, penti si mankhwala a chinyezi

Zandinyansa kwabasi zomwe achitiridwa mphunzitsi wina wachitsikana ku Chibavi. Analowa m'nyumba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, makoma ali mbee ndi penti watsopano. Analipira lendi ya miyezi itatu, kuphatikizapo dipoziti. Pano mvula yakhazikika, khoma la kuchipinda lada bii ndi chuku, matilesi anyowa kunsi, nsapato zamera ubweya pansi pa bedi. Atakadandaula, a landilodi akuti "simutsegula mawindo." Mawindo! Ndiye ati akamatuluka dipoziti aiiwale chifukwa wawononga penti. Manyazi mulibe kodi?

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kupaka penti pa khoma lonyowa si kukonza nyumba, ndi kubisa. Ndi chinyengo basi, ngakhale mutachitcha kukongoletsa.

Chinyezi chotere sichilowera pa windo, chimakwera kuchokera m'nthaka. Pomanga pamayenera kuyalidwa pulasitiki yakuda ija pansi pa silabu, komanso mzere wotchinga chinyezi wotchedwa DPC pamwamba pa fawundeshoni njerwa zoyamba za khoma zisanakhale. Ambiri amadumpha zimenezi poumira ndalama. Zikatero njerwa zimamwa madzi, madziwo amakwera mpaka pafupifupi mita imodzi, akamauma amasiya mchere woyera, penti amatupa n'kuyamba kusendeka. Pulasitala akakhala wa mchenga wokhawokha, simenti yongonunkhiza, amangoyoyoka ukakanda ndi chala. Wochita lendi alakwa chiyani pamenepa? Anamanga ndi iye?

Ndipo musamachite ngati nyengo ya kuno simukuidziwa. Kuno si ku Nsanje. Mvula imatikakamira mpaka Epulo, nthawi zina Meyi, kenako Juni ndi Julayi kumabwera mawawa ndi nkhungu, khoma silipeza mpata wouma. Mbali zina za Chibavi, Chiputula ndi Ching'ambo ndi zotsika, madzi ali pafupi, za madzi osefukira ndi mvula ya mu Epulo 2016 tonse tikuzikumbukira. Pitani ku Zomba, likulu la dziko mpaka 1975, komwenso mvula sichita masewera m'munsi mwa phiri lija. Nyumba zakale za boma kumeneko anazimanga pa maziko okwera, khonde lalikulu, denga lotulukira kunja kuti mvula isamenye khoma. Zakalamba, zina zatha ndithu, koma omangawo madzi ankawaopa. Ife timamanga mdadada wa zipinda zisanu m'dambo, malata kuthera pa khoma penipeni, kenako kugula chitini cha penti.

Kukonza kwenikweni kumadziwika. Gumulani pulasitala wovundayo kupitirira pang'ono pamene chinyezi chalekezera. Lisiyeni khoma liume m'chilimwe, osati masiku awiri. Pakani pulasitala wa muyezo umodzi wa simenti ku miyezo inayi ya mchenga wosefa, muthiremo mankhwala otchinga madzi omwe amagulitsa m'mahadiweya. Kunja chotsani dothi lomwe launjikana pa khoma, nthaka ikhale m'munsi mwa simenti ya m'nyumba ndi masentimita osachepera 15. Zungulizani kakhonde ka simenti kopendekera kunja, kumbani ngalande yotaya madzi a padenga kutali. Misomali ya malata yomwe yasukusa isinthidwe. Penti ndiye womaliza. Inu mumayambira komalizira.

Inu ofuna nyumba, tsegulani maso. Nyumba ya mu Mzuzu ioneni mvula itangogwa kumene, ya mu Okutobala iliyonse ndi yokongola. Lowani zitseko zitakhala zotseka usiku wonse, fungo la chuku silibisika ndi penti. Gogodani khoma m'munsi ndi kiyi, likamveka phwephwe ngati mulibe kanthu, pulasitala walekana ndi njerwa. Onani ngati penti wa m'munsi ndi watsopano kuposa wa m'mwamba. Yang'anani madontho achikasu pa siling'i ndi ndere zobiriwira kuseri kwa nyumba. Akakulolani, matani kapepala ka pulasitiki pa simenti ndi tepi mbali zonse zinayi, mukabwere mawa lake. Kakachita thukuta kunsi, madzi akuchokera pansi. Funsaninso oyandikana nawo chifukwa chomwe anatulukira amene analimo. Jambulani makoma onse pa foni tsiku lolowa, ndipo zoti chinyezi adzakonza ndi mwini nyumba zilembedwe pa pepala, nonse musaine. Za pakamwa zimasintha ndalama ikalowa m'thumba.

Tikudziwa, nyumba ndi zochepa, ophunzira a ku Mzuni okha adzaza Luwinga yonse, simenti yakwera. Koma zimenezo sizikupatsani chilolezo chogoneka ana a anzanu m'chuku, akutsokomola usiku wonse, inu mukukweza lendi chaka ndi chaka. Khoma lonyowa ndi lonyowa, mupake koyera mupake kobiriwira.

Nanga madobadoba osakira anthu nyumba awa? Akulipiritsa ndalama yongoonera nyumba, kabaza ulipirenso wekha, kukafika n'kupeza nyumbayo muli kale anthu, makatani ali pa windo. Ukafunsa ndalama yako, foni yazima.