Nkhuku ndidzagula pomaliza

Patha miyezi itatu chilengezereni kuti ndikufuna kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, koma mpaka lero pakhomo palibe ngakhale nthenga imodzi. Anzanga ayamba kundiseka. Wina dzana anandifunsa ngati nkhuku zangazo zikubwera wapansi. Mayi a kunyumba sanena kanthu, koma diso lawo ndimalidziwa. Ndiye ndati ndinene maganizo anga poyera: pa zonse zofunika poweta nkhuku, chogula pomaliza ndi nkhukuyo. Ambirife timayambira kumchira.

Ndikunena izi chifukwa ndinapsapo kale. Zaka zingapo zapitazo ndinagula nkhuku 9 tsiku limodzi, popanda khola, popanda dongosolo, kungoti zinandikongolera m'maso. Zinkagona m'kachipinda kosungiramo makasu. Zinthu zinkayenda ndithu, mpaka mbale wanga wina anandipatsa tambala wamphatso, wonenepa, wa nthenga zonyezimira. Ndinamumasula miyendo n'kumusiya pakati pa zinzake tsiku lomwelo. Sabata isanathe nkhuku zinayamba kusinza masana, mapiko ali gwe, chitosi chobiriwira, zina khosi lopindikira kumbuyo. Ndinathira m'madzi mankhwala aliwonse amene anthu anandiuza. Pomatha masabata awiri panatsala thadzi limodzi, ndipo nalonso linkayenda ngati laledzera.

Chinali chitopa, ena amati chideru. Chimene sindinkadziwa n'chakuti matendawa amayamba ndi vairasi ndipo alibe mankhwala ochiza, choncho makapisozi ndinkatsegulawo ndinkangotaya. Dzina lake lodziwika padziko lonse ndi Newcastle, kuchokera ku mzinda wa Newcastle upon Tyne ku England, kumene anaoneka mu 1926, chaka chomwecho chimene anapezekanso pachilumba cha Java. Zaka zonsezi, chida chenicheni chikadali katemera. Pali katemera wotchedwa I-2, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku University of Queensland ku Australia, ndipo ubwino wake ndi wakuti safa msanga ndi kutentha ngati anzake. Kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kubwereza pakatha miyezi itatu kapena inayi. Palinso LaSota, amene ambiri amathira m'madzi akumwa. Koma katemera ndi wa nkhuku zamoyo wathanzi. Ukamathamanga kukamufuna nkhuku zitayamba kale kusinza, ndiye kuti wachedwa.

Ndiye ulendo uno ndayamba ndi kufufuza kumene katemera ndizimupeza komanso amene angandionetse kadonthezedwe kake. Ndakonzanso kakhola kena kakang'ono kutali ndi lalikulu. Nkhuku iliyonse yobwera, kaya ndi yogula kaya yamphatso, izikhala m'menemo yokha masabata atatu ndikuiyang'ana. Wopatsayo akhumudwe ngati akufuna.

Khola lalikulu ndi limene landidyera nthawi. Ndikufuna nkhuku 6 zokha, ndipo mkati ndasiya malo oti iliyonse ikhale ndi pafupifupi theka la sikweya mita, kuphatikiza bwalo lotchinga loti zizipalasako masana. Zikapanikizana zimayamba kujomphana, ndipo ikaoneka magazi imodzi, zinzake sizimaisiya. Mtengo wogonapo ndauika m'mwamba pang'ono, masentimita 25 pa nkhuku iliyonse, chifukwa nkhuku mwachibadwa imafuna kugona pamwamba. Zisa zoikiramo ndi ziwiri basi. Chisa chimodzi chimakwanira nkhuku zinayi kapena zisanu, ndipo ngakhale utaika khumi, zonse zimakalimbirana chimodzi chomwecho. Ichi sindinachimvetsebe.

Chimene anthu amalakwitsa kwambiri ndi mpweya. Poopa kuti nkhuku zizizidwa, timatseka paliponse. Koma zitosi zikaunjikana m'khola lopanda mpweya zimatulutsa fungo lija lolasa m'maso, ndipo limawononga mapapo a nkhuku. Ngati iwe walowa n'kutuluka misozi, ganiza za imene ikugona momwemo usiku wonse. Ndasiya mipata m'mwamba pansi pa denga, ndipo ndaitchinga ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono. Waya wa mabowo aakulu uja amangoletsa nkhuku kutuluka, saletsa khoswe, njoka kapena likongwe kulowa. Pansi ndithirapo utuchi wouma. Ming'alu ya matabwa ndaimata, chifukwa ndi mmene mumabisala utitiri masana n'kumatuluka usiku kudzayamwa magazi.

Tsopano nkhani ya chakudya, pamene ndimasemphana ndi anthu onena kuti kuweta nkhuku ndiye kudya mazira aulere. Palibe dzira laulere, abale anga. Thadzi loikira limadya pafupifupi magalamu 120 patsiku. Nkhuku zanga 6 ndiye magalamu 720, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 lizitha pakapita masabata 10, kaya zaikira kaya sizinaikire. Ndipo si chakudya chilichonse ayi. Choyenera nkhuku zoikira chimakhala ndi mapuloteni okwana 16 pa 100 alionse, komanso kashiamu wambiri, chifukwa chikamba cha dzira limodzi chimatenga pafupifupi magalamu awiri a kashiamu. Akasowa m'chakudya, thupi la nkhuku limakamutenga m'mafupa ake omwe, kenako umayamba kutola mazira a chikamba chofewa ngati pepala. Zotsala za kukhitchini n'zabwino ngati zowonjezera, koma paokha madeya ndi makombo sizingakupatse dzira tsiku ndi tsiku. Madzi nawo ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri kulemera kwa chakudya, ndipo kukatentha zimamwa koposa pamenepo. Nkhuku situluka thukuta, imangoyasamula kukamwa n'kumapuma wefuwefu. Ikakhala tsiku limodzi lotentha yopanda madzi, kuikira kumasokonekera kwa masiku.

Ngakhale uzidyetse bwino chotani, dzira limodzi limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike m'thupi, ndiye palibe nkhuku yoikira awiri patsiku mokhazikika. Kuikira kumadaliranso kuwala, pafupifupi maola 14 patsiku, n'chifukwa chake masiku akafupika mazira amachepa. Kamodzi pachaka nthenga zimathothoka kuti zimere zina, ndipo nthawi imeneyo nkhuku imasiya kuikira kwa masabata angapo koma kudya osasiya. Walira mvula walira matope. Ine ndawerengera kuti zikakhala pachimake ndizitola mazira anayi kapena asanu patsiku, ndipo nyengo zina ndizibwerako ndi dzanja lopanda kanthu.

Nanga n'kuvutikiranji? Chifukwa ndikufuna kudziwa chimene nkhuku yanga yadya. Chifukwa zitosi zikawolerana bwino ndi utuchi zimakhala manyowa amphamvu a m'dimba, bola osathira zaziwisi, zimawotcha mbewu. Komanso, ndinene zoona, ndimakonda kungokhala pansi madzulo n'kumaziona zikupalasa, zikusamba m'fumbi, zikukangana kuti wamkulu ndani. Zimenezo sindingaziwerengere pa pepala.

Mtundu wa nkhuku ndasankha kale. Za nyama zija zokula msanga, monga Cobb 500 ndi Ross 308, zimene zimafika makilogalamu awiri m'masabata 6, si za munthu wofuna chiweto chokhalitsa pakhomo. Leghorn imaikira kwambiri koma ndi yamantha ndiponso youluka, ingandidanitse ndi aneba. Mtima wanga uli pa Australorp yakuda ija, yofatsa, yoikira bwino komanso ya thupi, ndipo ikasowa nditenga Rhode Island Red. Anapiye a tsiku limodzi ndawakana. Amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, usana ndi usiku, n'kumatsitsa pang'onopang'ono, kuwonjezera katemera wa matenda ena otchedwa Gumboro, kenako kudikira miyezi isanu kuti uone dzira loyamba. Ine ndigula misoti ya masabata 16 kapena 18 kwa munthu amene angandiuze bwinobwino katemera amene inalandira ndi tsiku lake. Akayamba kukanda m'mutu, ndibwerera.

Pamene pavuta ndi pa tambala. Ambiri sakhulupirira, koma thadzi limaikira popanda tambala. Tambala amafunika pokhapo ukufuna kuti mazirawo aswe anapiye, thadzi litawafungatira masiku 21. Ine chaka choyamba sindikufuna anapiye, ndipo zenera la chipinda chogona cha aneba lili mamita ochepa kuchokera pa khola. Tambala salira m'bandakucha wokha, amalira nthawi iliyonse imene wafuna. Mayi a kunyumba akuti khola lopanda tambala ndi lamasiye, ndipo ana aima mbali yawo. Ndawauza kuti amene akufuna tambala ndi amene azikapepesa kwa aneba m'mawa. Pamenepo onse anangoti chete, koma ndikuona kuti nkhaniyi sinathe.

Chatsala ndi chitseko. Kalipentala anaika kachitsulo kongokoloweka, ndipo dzulo galu wa pakhomo pano wakatsegula ndi mphuno ine ndikuona. Ndamuitananso Loweruka kuti adzaike loko weniweni. Tagwirizananso kuti wotseka khola dzuwa likalowa ndine, ndipo ndikachoka ndi mwana wamkulu, amene wavomera atamva kuti dzira loyamba lidzakhala lake. Akakonza chitsekocho, ndidzapita kukaona misoti.