Mukamadandaula m'Chingerezi, musayambe ndi kupepesa

Nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi, lero ndiinene. Ambiri a ife Chingerezi timachidziwa ndithu. Timalemba makalata ofunsira ntchito, timawerenga nkhani, timamva zonse zimene akunena pa wailesi. Koma tsiku limene sitolo yatigulitsa chinthu chakufa, kapena kampani yatidula ndalama kawiri pa chinthu chimodzi, Chingerezi chonse chija chimathawa pakamwa. Amatsala ndi mawu awiri okha, "sorry" ndi "please help me". Zimandiwawa kwambiri, abale anga, kuona munthu wolakwiridwa ndi amene akuyamba kupepesa.

Inenso zinandichitikira. Ndinagula foni yatsopano, ndipo patangotha masiku 9 inasiya kulowa moto. Ndinabwerera ku sitolo kuja lisiti lili m'manja, litanyowa ndi thukuta chifukwa cholifumbata njira yonse. Mtsikana amene anali pakauntala sanadzutse n'komwe mutu. Maso ali pa kompyuta, cholembera chikugogoda tebulo. Ine ndinayamba motsitsa mawu kuti, "Sorry to disturb you, please help me, my phone has a problem." Anailandira, n'kuitembenuza kamodzi, n'kunena kuti "We'll look into it," kenako anaiponya m'kabati. Sanandipatse kapepala kalikonse. Sindinafunse dzina lake, sindinafunse tsiku loti ndibwerenso. Ndinathokoza n'kutuluka. Milungu itatu inadutsa kuli zii.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina amene timagwira naye ntchito, yemwe kale ankayankha mafoni a makasitomala pa kampani ina. Nditamufotokozera, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Achimwene, inu munapita kukapempha chithandizo. Bwererani mukapereke dandaulo. Zinthu ziwirizi zimalowa m'mabuku osiyana." Anandilembera ziganizo zitatu kuseri kwa envulopu yakale, ndipo ndinazibwereza m'njira monse ngati mwana wa sukulu amene akupita kukalemba mayeso.

Nditafika ndinaima chilili n'kunena kuti, "I would like to make a formal complaint. I bought this phone on the 4th and it stopped charging on the 13th. It is faulty, and I would like a refund." Cholembera chija chinasiya kugogoda. Mtsikana uja anandiyang'ana m'maso koyamba, n'kutulutsa fomu.

Sindinakweze mawu, ndipo Chingerezi changa sichinakule usiku umodzi. Chimene chinasintha ndi mawu atatu kapena anayi basi, ndipo ndi amenewo ndikufuna tiwakambirane.

Liwu loyamba ndi "complaint". Mukanena kuti "I have a problem", mwangouza munthu vuto lanu, ndipo iye akhoza kukumverani chisoni kapena ayi. Mukanena kuti "I would like to make a complaint", makamaka mukawonjezera liwu loti "formal", mwatchula chinthu chimene makampani ambiri ali ndi ndondomeko yake: chimalembedwa, chimapatsidwa nambala, ndipo pamakhala wina amene adzafunsidwe ngati sichinayankhidwe. Onaninso kuti "I would like" ndi ulemu wokwanira kale. Simufunikanso kuwonjezera "I am begging you" kapena "kindly assist me". Ife tikamalankhula chinenero chathu, kunena kuti "ndithandizeni" kapena "pepani" poyamba nkhani ndi ulemu wamba, sikutanthauza kuti wadzichepetsa mpaka pansi. Koma mawu omwewo ukawanyamula n'kuwaika m'Chingerezi pakauntala, amamveka ngati ukupempha mphatso, ndipo mphatso munthu amatha kukana kukupatsa popanda mlandu.

Liwu lachiwiri ndi limene ndimalikonda kwambiri, "faulty". Ambiri timathamangira kunena kuti "it is broken" kapena "it is damaged". Chenjerani nawo mawu amenewa. "Damaged" amatanthauza kuti chinthu chawonongedwa, ndipo funso lotsatira limakhala lakuti wachiwononga ndani. Wogulitsa wochenjera amangoti mwachigwetsa nokha. "Faulty", kapena mnzake "defective", amaloza chala kumene chinthucho chinapangidwa: chinabwera ndi chilema chake, ine sindinachite kanthu. Ngati katundu wafika atasweka kale m'katoni, nenani kuti "it arrived damaged", kuti zidziwike kuti kusweka kunachitika asanafike m'manja mwanu. Kusiyana kwake n'kochepa m'khutu, koma ndi pamenepo pamene pamagona ndalama zanu.

Mawu ena amphamvu anachokera m'malamulo enieni. Ku Britain kuli lamulo lotchedwa Consumer Rights Act la chaka cha 2015, limene limati katundu wogulitsidwa ayenera kukhala "of satisfactory quality", "fit for purpose" ndiponso "as described". Kunena kwina, akhale wabwino mokwanira, agwire ntchito imene anamugulira, ndipo afanane ndi zimene ananena pogulitsa. Lamulo lomwelo limapatsa wogula masiku 30 oti abweze katundu wachilema n'kulandira ndalama zake zonse. Dziko lililonse lili ndi malamulo akeake, masiku amasiyana, choncho fufuzani a kumene muli. Koma mawuwo ayenda kutali, ndipo wogulitsa aliyense wodziwa Chingerezi cha malonda akamva kuti "this item is not as described" amazindikira kuti amene waima patsogolo pakeyu sanabwere kudzacheza.

Tsopano, kodi mukufuna akuchitireni chiyani? Apa ndi pamene ambiri timagwa. Timafotokoza mavuto athu kwa mphindi khumi, mtima ukuwawa, koma osatchula chimene tikufuna, ndiye amatisankhira iwowo chimene chili chotchipa kwa iwo. "Refund" ndi kubwezeredwa ndalama. "Replacement" ndi kupatsidwa china chatsopano chofanana ndi choyambacho. "Repair" ndi kukonzeredwa. "Exchange" ndi kusinthanitsa ndi china, mwina cha mtundu wina kapena saizi ina. Ndiye pali "store credit" kapena "voucher", ndipo apa tsegulani maso: ndalama zanu sizibwera m'thumba mwanu, zimatsala m'sitolo momwemo kuti mudzagulenso kwa anthu omwe akukhumudwitsaniwo. Ngati simukufuna, yankho lake ndi lalifupi, "I would prefer a refund to my original payment method", kutanthauza kuti ndalama zibwerere njira imene zinadzera. "Compensation" ndi nkhani ina, ndi chipukuta misozi cha zimene mwataya chifukwa cha kulakwitsa kwawo, kuwonjezera pa mtengo wa katundu. Musalisokoneze ndi "refund", chifukwa mukapempha chipukuta misozi pamene mukungofuna ndalama zanu, nkhani imatalika pachabe.

Lisiti likatayika musataye mtima. Chimene amafuna ndi "proof of purchase", umboni woti munagula, ndipo m'malo ambiri sitetimenti ya kubanki kapena imelo yotsimikizira kugula imakwanira.

Mbali imene sitiphunzitsidwa konse ndi Chingerezi chawo, chimene amatiyankha nacho. Ndi chofewa ngati thonje, ndipo munthu umatuluka ukuona ngati wathandizidwa pamene sunapatsidwe kanthu. "We'll look into it" alibe tsiku, alibe dzina la munthu. "We apologise for any inconvenience caused" amamveka ngati kupepesa, koma taonani kaliwu kakuti "any": akuti ngati pali chimene chakusowetsani mtendere, osavomera kuti chilipodi. "It's company policy" amanenedwa ngati khoma loti simungadutse, chonsecho malamulo a kampani sangakhale pamwamba pa malamulo a dziko. Ndipo akakupatsani kanthu "as a gesture of goodwill", dziwani kuti akunena kuti akukupatsani mwa kukoma mtima kwawo, osati chifukwa avomera kulakwa. Mukhoza kulandira ngati kakukwanirani, palibe choipa, bola mudziwe chimene mwalandira.

Mankhwala a mawu oterewa ndi mafunso afupiafupi, ofunsidwa modekha. "May I have your name, please?" "Could I have a reference number?" "When can I expect a response?" "Could you put that in writing?" Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lonjezo la pakamwa ndi fodya wa pachala. Nambala ya dandaulo, dzina la amene munalankhula naye, tsiku ndi ola, imelo imene akutumizirani, ameneyo ndiye fodya wa pamphuno. Ine masiku ano sindidula foni ndisanalembe nambala imeneyo, ndipo ndimaiwerenga mobweza kuti atsimikize.

Mukaona kuti amene mukulankhula naye alibe mphamvu yothetsa nkhaniyo, liwu lake ndi "escalate", kukweza nkhani kwa wamkulu. "I would like to escalate this" kapena "May I speak to your supervisor?" Si chipongwe ayi, ndi njira imene iwo eni anaikonza.

Ndinene za mkwiyo, chifukwa ndikudziwa kuti ena mukuti munthu akakubera nthawi ndi ndalama uyenera kumukalipira. Mkwiyo ndi woyenera, sindikutsutsa. Koma mawu ngati "useless", "thieves" kapena "stupid" amangopatsa kampani khomo lothawira. Malo ambiri oyankhira mafoni amalola wantchito kudula foni kasitomala akayamba kutukwana, ndipo nkhani imachoka pa foni yanu yakufa n'kupita pa khalidwe lanu. Komanso tisaiwale kuti woyankha foniyo si mwini kampani. Ndi mwana wa munthu wina amene wakhala akukalipiridwa kuyambira m'mawa pa zolakwa zimene sanachite. Chingerezi chili ndi njira yake yokwiyira, yozizira koma yoluma. "I am very disappointed." "This is unacceptable." "I'm afraid that is not good enough." Kwa ife mawu amenewa angamveke opepuka, koma kwa eni chinenerocho munthu akafika ponena kuti "unacceptable" ndiye kuti zafika pamwana wakana phala.

Ndipo pofotokoza zimene zachitika, tchulani zinthu zowerengeka. M'malo mwa "your service is bad", nenani kuti "I was kept on hold for 40 minutes and then cut off", kuti anakusiyani mukudikira pa foni kenako inaduka. "I was charged twice." "I was overcharged." "I was told it would arrive on Monday." Kalankhulidwe kakuti "I was told" n'kothandiza chifukwa kamanena zimene zinachitika popanda kuloza chala munthu amene ali patsogolo panu. Ngati wantchito anakuchitirani mwano, mawu ake alipo: "rude" ndi wamwano, "unhelpful" ndi wosathandiza, "dismissive" ndi amene amakuchepetsa ngati nkhani yako ndi yopanda pake. Liwu lomalizali ndi limene linkandisowa tsiku loyamba lija pakauntala. Ndinkamva kupweteka kwake koma dzina lake sindinkalidziwa.

Kampani ikakanika, nkhani sithera pomwepo. Ngati munalipira ndi khadi, funsani banki yanu za "chargeback", njira yobwezera ndalama kudzera ku banki. Palinso "ombudsman", liwu lochokera ku Sweden, kumene ofesi yotere inakhazikitsidwa mu 1809: ndi woimira anthu amene amaweruza madandaulo popanda kukondera. Ku Britain, mwachitsanzo, kampani ya zachuma imakhala ndi milungu 8 pa madandaulo ambiri kuti ipereke "final response", yankho lake lomaliza, ndipo ikalephera kasitomala amapita kwa Financial Ombudsman Service. N'chifukwa chake funso loti "Is this your final response?" limagwedeza anthu. Amadziwa kumene mukulowera.

Zonsezi sikuti ndi mwano kapena kudzimva. Pa 15 Malichi 1962, John F. Kennedy anauza nyumba ya malamulo ya ku America kuti wogula ali ndi maufulu anayi: kutetezedwa ku katundu woopsa, kuuzidwa zoona, kusankha, ndi kumvedwa. Bungwe la United Nations linavomereza mfundo zoteteza ogula mu 1985, ndipo 15 Malichi ndi tsiku lokumbukira ufulu wa ogula padziko lonse. Ufulu womvedwa umenewo ndi umene umandikhudza. Sichilungamo kuti gogo wosadziwa Chingerezi abwezedwe chimanjamanja pamene wodziwa liwu loti "escalate" athandizidwa mphindi zisanu. Ndalama zawo ndi zofanana. Kampani imene imadziwa kulandira ndalama za munthu m'chinenero chilichonse iyeneranso kudziwa kumva dandaulo lake m'chinenero chake, ndipo pa mfundo imeneyi sindisuntha. Koma pamene tikudikira kuti zimenezo zichitike, ife amene tawadziwa mawuwa tisawaumire. Perekezani makolo anu, alembereni ziganizo papepala ngati mmene mayi uja anandilembera.

Ndalama za foni ija zinabwerera patatha masiku 5 kuchokera tsiku limene ndinadzaza fomu. Envulopu ija ndikadali nayo. Sabata yatha mlongo wanga anandiimbira ali pafupi kulira, kampani ya intaneti itamudula ndalama kawiri mwezi umodzi, ndipo anali atawaimbira kale katatu n'kumangouzidwa kuti adikire. Ndinamuwerengera ziganizozo pang'onopang'ono iye akulemba, n'kumuuza kuti asayambe ndi "sorry". Madzulo ananditumizira chithunzi cha kapepala kake, atalembapo dzina la amene anamuyankha, nthawi ya 3:20, ndi nambala ya dandaulo atailemba mzere kawiri kunsi kwake.