Usiku wa Patrick Woyera: ku Dublin ndi ku Belfast

Pa 17 Malichi, tsiku la Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko la Ireland, mzinda wa Dublin, likulu la dzikolo, umangoti biriwiri. Zipewa, malaya, ngakhale masaya a ana, zonse zobiriwira, ndipo pachifuwa anthu amapachika timasamba titatu ta shamrock, tomwe amati Patrick Woyera ankaphunzitsira za Utatu Woyera. Chaka changa choyamba cha sukulu kumeneko ndinaonerera perete pa O'Connell Street, koma zimene zinandikhala mumtima zinachitika kutada.

Anzanga a m'kalasi anakana zopita ku Temple Bar, dera lodzaza mabala, ati kumeneko n'kwa alendo odzaona malo ndipo zakumwa n'zodula. Tinalowa m'kabala kena kumpoto kwa mtsinje wa Liffey. Pakona panali oimba asanu, wina ndi fiddle (vayolini), wina chitoliro, wina kang'oma kotchedwa bodhrán. Analibe nsanja kapena zokuzira mawu, anangozungulira tebulo ngati akuotha moto. Mayi wina wachikulire atayamba kuimba yekha popanda choimbira, bala lonse linati zii, mpaka wogulitsa anasiya kutsuka matambula. Atamaliza anandicheukira.

"Kwanu n'kuti, mwana wanga?"

"Ku Malawi, amayi."

Nkhope yawo inawala. Anandiuza za ansembe a ku Kiltegan, amishonale a ku Ireland, amene anapita kukatumikira kwathu, ndipo anandikhazika pambali pawo. Zakumwa amagula mosinthana, mmodzi kugulira gulu lonse, kenako wina. Nditagula nanenso, sindinalinso mlendo, ndinasanduka mnzawo.

Chikondwererochi sichinali chotere kuyambira kale. Tsikuli linakhala tchuthi mu 1903, koma kwa zaka zambiri lamulo linkatseka mabala pa tsikuli, chifukwa linali la pemphero. Chisangalalo cha masiku angapo chimene Dublin yatchuka nacho chinayamba mu 1996.

Chaka chotsatira ndinakwera sitima ya Enterprise pa siteshoni ya Connolly, ulendo wa maola awiri ndi mphindi pang'ono kukafika ku Belfast, likulu la Northern Ireland, kumpoto kwa chilumbachi. Pa malire palibe geti kapena msilikali. Umangozindikira kuti ma euro asanduka mapaundi, makilomita asanduka mamailo. Komabe mnzanga wa pasipoti ya Malawi usanamizike ndi zimenezi: kumpoto ndi gawo la United Kingdom, ndipo pepala lako la sukulu la ku Ireland silikwanira, pamafunika viza ya ku Britain. Chilumbachi chinagawidwa mu 1921, ndipo munthu amene wayendapo pakati pa Mchinji ndi Chipata amadziwa mmene mzere wa pamapu umadulira abale pakati.

Ku Belfast nakonso tsikuli ndi tchuthi cha mabanki, perete ilipo, ndipo usiku tinavina céilí, gule wa chikhalidwe cha ku Ireland, mpaka thukuta kamukamu. Anthu ake ndi ansangala zedi. Koma potuluka, mnzanga wa komweko anandinong'oneza kuti ndilowetse m'thumba sikafu yanga ya mitundu ya mbendera ya Ireland, chifukwa msewu womwe tidutse m'mphepete mwake munapentedwa zofiira, zoyera ndi zabuluu, mitundu ya mbendera ya Britain. Ku Dublin mtundu wobiriwira ndi chimwemwe basi. Kuno mtundu umanena mbali imene uli: ya ofuna Ireland mmodzi, ambiri Akatolika, kapena ya ofuna kukhalabe ndi Britain, ambiri Aprotestanti. Aprotestanti ambiri tsiku lawo lalikulu ndi 12 Julaye, lokumbukira nkhondo ya pa mtsinje wa Boyne ya 1690, ndipo usiku wa pa 11 amasonkha moto wa milu italiitali. Pangano la mtendere lothetsa zaka za ziwawa linasainidwa mu 1998, koma makoma olekanitsa madera a Falls (la Akatolika) ndi Shankill (la Aprotestanti) akadalipo, ena mwa mageti ake amatsekedwabe usiku. Zimenezi zinandiwawa.

Pa nkhani ya usiku womasuka, Dublin yapambana, sindikayika. Koma Patrick weniweniyo mapazi ake ali kumpoto. Phiri la Slemish, kumene amati ankaweta nkhosa ali kapolo, lili ku Antrim. Ku Armagh kuli matchalitchi akuluakulu awiri oyang'anizana pa zitunda, cha Akatolika ndi cha Church of Ireland, onse a dzina lake. Kutacha ndinakwera basi kupita ku Downpatrick, kumene amati anaikidwa. Pa mwala waukulu wa pamandapo panali maluwa a dzulo lake, atanyowa ndi mvula, ndipo panalibe mbendera ya mbali iliyonse.