Kukoka ngolo yogonamo m'tauni ya Mangochi

Kuchokera ku Liwonde pa M3 ngolo yogonamo, yomwe imakokedwa ndi galimoto, imatsatira bwinobwino, ana ali m'tulo. Mutu umayamba kuwawa ukangolowa m'tauni ya Mangochi.

A kabaza, chonde! Galimoto ikadutsa, kumbuyo kukubweranso ngolo, si mpata woti mulowepo ndi thumba la usipa pakaliyala. Pokhota ngolo imadulira mkati, ndiye ukatenga malo ambiri iwo amaona ngati wawasiyira njira. Mabuleki nawonso sagwira msanga, pajatu wasenza thanki ya madzi, tenti ndi mapoto a banja lonse lopita ku Cape Maclear.

Nanga kubwerera m'mbuyo pafupi ndi msika? Aliyense amasanduka mphunzitsi: "Kumanzere bwana!" Sadziwa kuti ukapotozera chiwongolero kumanzere, ngolo imathawira kumanja, komwe amayi ayala tomato wawo.