Chenjezo kwa ochita kafukufuku kudzera m'zojambula

Ana anga amene mumayenda m'midzi ndi m'misasa mutanyamula mapepala, makrayoni ndi makamera, ndimvereni pang'ono, chifukwa ena mwa inu mwayamba kuseweretsa mabala a anthu.

Njirazi sizinayambe ndi inu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ochita kafukufuku awiri, Caroline Wang ndi Mary Ann Burris, anapatsa makamera amayi akumudzi ku Yunnan, m'dziko la China, kuti ajambule okha moyo wawo. Ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, mayi wokhala ndi kachilombo ka HIV ankagona papepala lalikulu, mnzake n'kulemba mzere kuzungulira thupi lake, kenako mwiniwake n'kulocha pamene pakumuwawa. Cholinga chinali chakuti mwini mavuto adzilankhulire yekha.

Tsono zimene ndinaona pamsasa wina wa anthu othawa namondwe wa Freddy mu 2023 zimandiwawabe mtima. Achinyamata a kafukufuku anasonkhanitsa ana pamthunzi n'kuwauza kuti ajambule za usiku umene madzi anabwera. Mtsikana wina wa zaka ngati 9 anajambula nyumba yogumuka ndi dzanja lotulukira m'matope, kenako anataya krayoni n'kuyamba kunjenjemera. Palibe anamugwira paphewa. Wina anangotola chithunzi cha pepalalo ndi foni, nkhope ya mwanayo ikuoneka, ndipo dzuwa lisanalowe galimoto inali italiyatsa liwiro la kutauni.

Kodi simudziwa kuti dzanja limaulula zimene pakamwa pakana kunena? Mlendo ndi mame, koma mwana amene mwamukumbutsa malirowo amatsala nawo usiku wonse, ndiye musatsegule nkhani zotere popanda mlangizi wa zamaganizo amene adzabwerenso mawa lake.

Chilolezo cha amfumu sichokwanira, ndipo ngakhale kalata ya komiti yoona za kafukufuku ya bungwe la boma la National Commission for Science and Technology siilowa m'malo mwa mawu a munthu mwiniyo. Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana: kholo kapena womulera avomere, mwanayonso avomere, ndipo akatopa alekeretu popanda kumanidwa kanthu. Musanamizire kuti mwabisa munthu posintha dzina lake, pakuti kumudzi amamuzindikira ndi chitenje chake kapena mtengo wa mango wapakhomo pake, ndipo chithunzi chikangofika pa Facebook simungachibwezenso. Chojambulacho n'chake; mufunseni ngati akufuna kuchisunga musanachipinde n'kuchiponya m'chikwama.