UNZA ndi Chanco: unzika tikuuphunzitsa m'chilankhulo chanji?

Muno mu Lusaka mwana akanena kuti wapeza malo pa UNZA, yunivesite ya Zambia, funso loyamba limakhala lakuti, "Kosi yanji?" Akati udokotala, uinjiniya kapena zowerengera ndalama, m'nyumba mumamveka nthungululu. Akati Civic Education, mbiri yakale, filosofi kapena zilankhulo, nkhope zimagwa, ndipo malume wina amafunsa kuti mwanayo adzadya chiyani. Abale athu a ku Mchinji ndi ku Lilongwe amafunsa zomwezo mwana akasankhidwa kupita ku Chanco, ndiye kuti Chancellor College ya yunivesite ya Malawi. Funsolo n'lomveka, ntchito zikusowa. Koma maphunziro onyozedwawa ndi amene anatiwombola kangapo mbali zonse ziwiri za chipata cha Mwami, ndipo ine ndikuona kuti dziko lililonse linagwira chimene linzake likusowa.

Mayunivesite awiriwa ndi amsinkhu umodzi. Ya ku Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, makalasi n'kuyamba mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre, kenako Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. UNZA inatsegula zitseko mu 1966, dziko lonse la Zambia litalandira ufulu lili ndi anthu a digiri pafupifupi 100 okha. Anthu wamba anasonkha kuti imangidwe, ena ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi. Kaunda ndi Kamuzu aliyense anali mkulu wa yunivesite ya kwawo, koma pa nkhani yophunzitsa nzika ankaganiza mosiyana kwambiri.

Kaunda ankafuna kuti unzika uphunzitsidwe, ndipo mphunzitsi wake akhale boma. Panali Humanism, chiphunzitso chake cha umunthu, m'sukulu ndi pa wailesi. Panali President's Citizenship College kufupi ndi Kabwe, kumene akuluakulu a chipani, a mabungwe a ogwira ntchito ndi a m'boma ankapita kukasulidwa. Malo omwewo ndi amene anasanduka Mulungushi University mu 2008. Omaliza Form 5 ankapita ku National Service kukaguba ndi kulima. Zambiri zinali zokakamiza, ndipo kuyambira kumapeto kwa 1972 malamulo a dziko ankangolola chipani chimodzi. Komabe pa kampasi ya UNZA ya pa Great East Road ndale zinkaphunzitsidwa poyera ngati phunziro, ndipo ophunzira anazolowera kutsutsa. Mu 1976 anatsutsana ndi boma pa nkhondo ya ku Angola. Yunivesite inatsekedwa, ena anamangidwa, aphunzitsi ena akunja anapirikitsidwa. Mu June 1990 mtengo wa ufa utakwera, ophunzira a pa UNZA anali patsogolo mumsewu, ndipo mwezi wotsatira msonkhano wa ku hotela ya Garden House unabala MMD, gulu lomenyera ufulu wa zipani zambiri. Apulezidenti Mwanawasa, Lungu ndi Hichilema onse anadutsa pa sukulu imeneyi.

Kamuzu sankafuna n'komwe kuti ndale zikhale phunziro. Ku Mpemba ankaphunzitsa kayendetsedwe ka maofesi a boma, osati kufunsa kuti mphamvu za boma zimachokera kwa yani. Unzika unali ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo a Payoniya ndiwo ankaonetsetsa kuti aliyense waziloweza. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo ankalemekeza maphunziro a zilankhulo ndi nzeru zakale kuposa atsogoleri ambiri a nthawi yake. Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yotsegulidwa mu 1981, inkaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki, ndipo ku Chanco kunabweranso dipatimenti ya maphunziro omwewo. Iye ankaganiza kuti akusula anthu aulemu omvera. Koma khomo la ndale litatsekedwa, ndale zinalowera m'ndakatulo, m'zisudzo ndi m'nthano. Gulu la alembi limene linayamba kukumana pa Chanco mu 1970 linaphunzira kunena zowawa mophiphiritsa, kudzera mwa nyama za m'nthano ndi miyambi ya makolo, kuti wakumudzi amve koma kazitape asapeze pogwira. Mtengo wake unali waukulu. Jack Mapanje, yemwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Kalata ya mabishopu itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, ophunzira a ku Zomba anali m'gulu la oyamba kutuluka kukaiikira kumbuyo.

Mzimu umenewo sunafe. Mu February 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa za ndale, chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape, ndipo nkhondoyo inatenga miyezi pafupifupi 8. Ife kuno timatseka msewu kawirikawiri chifukwa cha BC, ndalama imene boma limapatsa ophunzira, makamaka pamene ndalama ya chakudyayo inachotsedwa mu 2019 isanabwezedwe mu 2023, ndipo njala ya wophunzira si nkhani yochepa. Koma ndimalakalaka titakwiya ndi mphamvu yomweyo pamene mphunzitsi akuopa kutchula dzina la nduna m'kalasi.

Pa pepala, Zambia ili patsogolo, ndipo izi tisazichepetse. Civic Education inalowa m'makalasi apamwamba a sekondale kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, imalembedwa pa mayeso a Grade 12, ndipo UNZA ndi Kwame Nkrumah University ku Kabwe zimasula aphunzitsi ake a digiri. Mwana wa ku Matero wa zaka 17 atha kukuuzani nthambi zitatu za boma, ntchito ya Auditor General ndi kusiyana kwa phungu ndi khansala. Ku Malawi, 1994 itadutsa, phunziro la Civics linaoneka ngati chotsalira cha ulamuliro wa Kamuzu ndipo linamezedwa m'maphunziro ena. Ntchito yaikulu inagwera bungwe lophunzitsa unzika la NICE, lomwe linayamba mu 1999 ndi thandizo la ndalama za ku Ulaya, pamodzi ndi mipingo ndi mawailesi. Kudalira opereka thandizo pa nkhani ngati imeneyi n'koopsa, ndipo achinyamata ofika pa yunivesite ku Malawi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kuno. Ku Zimbabwe anasankha njira ina, yokakamiza National and Strategic Studies m'makoleji, ndipo ambiri amaiona ngati mbiri ya chipani cholamula. Njira imeneyo ife tinaiyesa kale m'nthawi ya Humanism.

Pamene a Malawi atiposa ndi pa chilankhulo. Chichewa chinakwezedwa mu 1968, mokakamiza ndithu, ndipo Atumbuka, Ayao ndi ena ali ndi chifukwa chodandaulira mpaka lero. Koma chotsatira chake n'chakuti malamulo aakulu a dziko amakambidwa m'chilankhulo cha pamsika. Mphunzitsi wa malamulo wa ku Zomba amatha kukhala pa wailesi n'kufotokoza chigamulo cha khoti m'Chichewa chosakhotakhota. Mlandu wa chisankho cha 2019 unkaulutsidwa pa wailesi ndi omasulira, moti pamene oweruza asanu anachifafaniza pa 3 February 2020, ogulitsa tomato anali atautsatira kwa miyezi ndipo ankadziwa chimene tipeksi inachita pa mapepala a zotsatira.

Yerekezani ndi riferendamu yathu ya pa 11 August 2016. Tinafunsidwa ngati tikufuna kuwonjezera maufulu m'malamulo aakulu, nkhani yokhudza madzi, chipatala, sukulu ndi ana. Funso lake linali lalitali, lachingerezi cha maloya, ndipo zizindikiro zinali diso ndi khutu. Ambiri mwa amene anavota anati inde, koma chiwerengero sichinafike theka la anthu oyenera kuvota monga lamulo limafunira, ndipo nkhaniyo inagwa. Zipani zinaisandutsa mpikisano wawo, n'zoona, koma anthu ambiri m'makomboni sanamve n'komwe chimene ankafunsidwa. Pa riferendamu ya zipani zambiri ya pa 14 June 1993 Mmalawi wosadziwa kulemba dzina lake ankadziwa bwino kusiyana kwa nyali ndi tambala wakuda. Ife chimanga tili nacho chodzaza nkhokwe, chigayo ndicho tikusowa.

Izi zikuoneka bwino tsopano pamene CDF, thumba la chitukuko cha madera a aphungu, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022. Ndalama zimenezi zimayenera kuyambira pa zofuna za anthu kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Ndinakhalapo pa msonkhano wotere m'kalasi ya pulayimale m'komboni ina, mvula itangodutsa, matope ali m'nsapato za aliyense. Munthu wa ku ofesi anawerenga ndondomeko m'Chingerezi, anthu ali chete. Mayi wina wogulitsa makala anaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga ife amene madzi amalowa m'nyumba, pepala lathu tipereke kwa ndani?" Anayankha ndi mtsikana amene anakhala kumbuyo, womaliza Civic Education koma wosalembedwa ntchito. "Amayi, pepala lanu liyambira pano pa komiti ya wadi. Likachoka pano lipita ku komiti ya dera lonse, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti lafika pati. Musachoke musanaone kuti alemba m'buku." Mayiyo anati, "Mwanawe, bwera ukhale pafupi ndi ine," ndipo mafunso anayamba kutuluka mbali zonse. Mtsikanayo anandiuza pambuyo pake kuti pa zaka zake zonse za pa yunivesite sanayesedwepo kufotokoza zimenezi m'Chinyanja.

Ena anena kuti Zambia ili ndi zilankhulo 7 zovomerezeka m'sukulu ndi pa wailesi, ndipo Chingerezi ndicho chimatisunga pamodzi. Sindikutsutsa, ndipo sindikufuna kuti titengere zokweza chilankhulo chimodzi pamwamba pa zinzake. Koma palibe choletsa kuti wophunzira wa Civic Education, wa malamulo kapena wa kayendetsedwe ka boma asalandire digiri asanaime pamaso pa komiti ya wadi n'kufotokoza bajeti ya khonsolo m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda kapena Chiluvale, aphunzitsi a zilankhulo ali pomwepo kupereka malikisi. Madipatimenti amenewa ali pa kampasi imodzi, kungoti sagwirira ntchito limodzi mokwanira. A ku Zomba nawo akanapindula kuona mmene ife tinakonzera silabasi ndi kusula aphunzitsi ake, kuti unzika usamadikire chaka cha chisankho ndi ndalama za alendo. Basi yochoka pa Intercity m'mawa imafika ku Lilongwe tsiku lomwelo, ndipo wophunzira wa ku Katete safuna womasulira ku Dedza.

Funso la malume lija likufunikabe yankho, chifukwa ngongole ya maphunziro ya ku bungwe la boma la HELSB imabwezedwa ndi malipiro. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, koma a maphunziro amenewa ambiri akadali pakhomo. Ngati dera lililonse likulandira mamiliyoni chaka ndi chaka, makhonsolo angathe kupatula kagawo kolembera achinyamata oterewa kuti azithandiza makomiti a m'mawadi kulemba zofuna zawo, kuwerenga makontirakiti ndi kulondola ngati ngalande yolipiridwa yakumbidwadi.