Alamu, madola awa amachokera m'thewera la agogo

Lachiwiri usiku alamu anga ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Akuti, "Inu muli kwa azungu, kodi madola 300 n'kanthu kwa inu?" Ndinaumvera ndili m'bafa mwa agogo amene ndimawasamalira, magolovesi ali m'manja, thewera lonyowa lili m'ndowa. Ndinangoti kukamwa pululu. Lero ndiye ndiyankha, ndipo nonse amene mumaganiza ngati alamuwa mutchere khutu.

Basi imene ndimakwera Lolemba lililonse imadutsa ku Central Falls, katauni kakang'ono ka ku Rhode Island. Nyumba zake ndi zamatabwa, zosanjikiza, zothithikana, pakati pake pali mafakitale akale a njerwa amene anatsekedwa kalekale. Kumeneko ndi kumene anakulira Viola Davis, mayi uja mumamuona m'mafilimu atavala madiresi onyezimira. Anabadwira ku St. Matthews ku South Carolina mu 1965, makolo ake n'kusamukira kuno iye ali khanda. Bambo ake ankasamalira mahatchi, mayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'mafakitale. Mwini wake wanena poyera kuti ali mwana ankafufuza chakudya m'mabini a zinyalala, nthawi zina kuba kumene chifukwa cha njala, ndipo makoswe anali mbwee m'nyumba moti pogona ankadzikulunga nsalu m'khosi kuopa kulumidwa. Ku America konkuno, alamu. Mwana wobadwira kuno, wa mapepala ake onse, kugona ndi njala ngati mwana wa kwathu mwezi wa February.

Ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa, chifukwa ndikakuuzani kuti kuno kuli anthu oima pamzere kudikira chakudya chaulere kutchalitchi, mumati ndikunama kuti ndisatumize ndalama. Inenso ndinaimapo pamzere umenewo chaka changa choyamba, zala zitachita dzanzi ndi chisanu.

Mayiyu anaphunzira zisudzo ku Rhode Island College, kenako ku Juilliard ku New York, sukulu imene kulowako ndi nkhondo. Anamaliza mu 1993. Pa siteji luso lake linaonekera msanga, ndipo mu 2001 analandira Tony, mphoto yaikulu ya zisudzo za pa siteji ku America. Koma a mafilimu ankangomupatsa tizigawo ting'onoting'ono. Mu Doubt, filimu ya 2008, anaoneka mphindi zowerengeka chabe pambali pa Meryl Streep, mzungu katswiri wotchuka wa mafilimu, komabe mphindi zomwezo zinamulowetsa pa mpikisano wa Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu. Itafika 2011 anamupatsa gawo lalikulu mu The Help, ndipo gawo lake linali la wantchito wa m'nyumba, ntchito yomwe ija ya mayi ake. Mu 2018 ananena kuti amanong'oneza bondo ndi filimu imeneyo, chifukwa pamapeto pake mawu a antchitowo sanamveke.

Apa ndiye pamandikhudza ine. Wantchito wa m'nyumba weniweni ndine. Kwathu ndinali mphunzitsi wa sekondale, ndinkatenga ana kupita nawo ku mpikisano wa zisudzo wa ATEM, makolo ankandipatsa moni ndi manja awiri. Kuno masatifiketi anga ali m'sutikesi pansi pa bedi. Ndimagona kwa agogowa masiku anayi pa sabata. Kampani imene inandipezera ntchito imandiwerengera maola 13 okha pa tsiku, ati otsalawo ndi ogona ndi kudya. Kugona kwake kuti? Agogo amadzuka katatu usiku, kuitana dzina la mwamuna wawo amene anamwalira kale, ine n'kumawagwira dzanja mpaka atapezanso tulo. Ndinalemba maola onse m'kope, ndinapita nalo ku ofesi. Mtsikana wa pamenepo, msinkhu wa mwana wanga, anamwetulira n'kuti aziona. Miyezi isanu yatha. Mwana wa agogowa akabwera Lamlungu amandiuza kuti ndine wa m'banja mwawo, koma dzina langa mpaka lero amalitchula molakwika, ndipo sanandifunsepo ngati ndili ndi ana.

Chaka chomwecho cha 2018 Viola Davis anadandaula za malipiro. Anati anthu amamutcha Meryl Streep wachikuda, ndiye ngati zilidi choncho amulipire molingana ndi mtengo wake. Nthawi imeneyo anali atalandira kale Tony kawiri, Oscar ya 2017 chifukwa cha filimu ya Fences, ndi Emmy ya 2015, imene anali mayi woyamba wachikuda kuilandira pa gawo lotsogolera m'masewero a pa TV osakhala anthabwala. Mu 2023 anaonjezera mphoto ina yaikulu ya Grammy. Munthu wa mphoto zonsezo akulira kuti akumudyera masuku pamutu. Nanga ine wa kope la maola, ndikalire kwa yani? Iye akalankhula nyuzipepala zimalemba. Ine ndikalankhula kwambiri, Lolemba lotsatira atumiza mayi wina wa ku Liberia kapena ku Cape Verde amene akusowa ganyu ngati ine.

Sindikukana, walira mvula walira matope, ndinabwera ndekha ndipo palibe anandikakamiza. Koma chimene chimandipweteka ndi chakuti kuno sandiwerengera, kwathunso sandifunsa. Pa mauthenga onse a mwezi uno, palibe ndi umodzi womwe woyamba ndi "mwagona bwanji?" Onse akuyamba ndi feteleza, fizi, malata. Msana wanga ukundipweteka kuyambira November chifukwa chonyamula agogowa, ndipo kuchipatala ndikuzengereza poopa bilu.

Alamu, Lachisanu ndikalandira ndilipira lendi kaye. Ndikutumizirani madola 80, osati 300. Mukagule feteleza, ndipo risiti yake munditumizire.